Tsiku Limene Sindinawaperekeze Ababa

Mangochi Boma
6 Okutobala 2024

Okondedwa ababa,

Ndikukhulupirira kuti munafika bwino Lachinayi lija. Achemwali a Mariya, alamu a Jailosi ndi ana ali bwanji? Ine ndili bwino, kungoti kuno kwatentha moti madzi a mumtsuko akukhala ngati owiritsa.

Ababa, munachoka bwanji osatsanzika? Nditamaliza phunziro ndinatuluka ndi kapu ya thobwa, koma pampando panalibe munthu, panali mtolo wa mcheni wokha. Mcheniwo ndadya, zikomo kwambiri.

Ndikufuna ndikufotokozereni ntchito yangayi, chifukwa kumudziko akuti ndimangocheza ndi azungu pa kompyuta. Si azungu, ndi anthu a ku Japan. Chingerezi anaphunzira kusukulu, ena amalemba kuposa ine, koma pakamwa pamawalemera. Ine ntchito yanga ndi kuwamasula lilime. Phunziro lililonse ndi mphindi makumi awiri ndi zisanu, wina akamatuluka wina walowa kale, ngati pamzere wa kuchigayo. Lamulo la kampani ndi lakuti pasamveke phokoso, ndipo pagalasi pasaoneke munthu wina. N'chifukwa chake ndinakusiyani pakhonde.

Amene ndinali nawo nthawi ija ndi mayi Kurata, namwino wopuma, wa zaka 68. Mwana wawo anakwatira kunja, ndiye mdzukulu wawo amangoyankhula Chingerezi. Akufuna kuti akadzabwera adzathe kuyenda naye akucheza. Mwezi uno mutu wathu ndi kuyenda wapansi. Poyamba ndikawafunsa kuti kodi mumakonda kuyenda, ankangoti inde, basi nkhani yatha. Ndawaphunzitsa kuti yankho lizikhala ndi miyendo: mumayenda kuti, nthawi yanji, ndi yani, chifukwa chiyani. Tsopano amandiuza kuti m'mawa uliwonse amayenda m'mbali mwa mtsinje, atavala wotchi yowerenga mapazi. Akapanda kukwanitsa mapazi 8,000 amazungulira tebulo m'nyumba mpaka akwane. Taganizani, ababa, anthu oyenda popanda kumene akupita.

Musaiwale kuti madokotala a maso akubwera pa 12 Novembala. Paja anati ng'ala ya diso lakumanja yakhwima, lakumanzere likutsatira, ndipo mukaphonya ulendo uno mudikira chaka chamawa. Mudzafike pa 11, mudzagone kuno. Matiresi ndapeza kale.

Kalatayi ndipatsira a Elina, poti Lachinayi lililonse amabwera ndi usipa kumsika.

Mwana wanu,
Triza


Nkope
11 Okutobala 2024

Iwe Triza,

Moni wa kuno. Tonse tadzuka, kungoti mwezi wayamba kuwala ndiye usipa wayamba kuvuta. Wadzuka bwanji kumeneko, mphunzitsi wa dziko lonse?

Ndikulemba chifukwa foni ili ndi alamu ako ku Makanjira, komanso nkhani iyi si yoyenda pa foni ya mwamuna wanga. Kalata yako ndawawerengera ababa monga ndimachitira masiku ano, kukuwa m'khutu lakumanzere lija limamvako pang'ono. Za mayi wozungulira tebulo ine ndinaseka mpaka kutsamwa. Iwo sanaseke. Nditafika pa za madokotala anangoti, "Maso angawa aona zokwanira." Ndinafunsa kuti akutanthauza chiyani, anatenga ndodo n'kupita kunyanja.

Unawatani ababa? Anachoka kuno atavala malaya oyera a kuhotela aja, mcheni atasankha okha umodziumodzi, akuimba nyimbo za kwaya. Anabwerako ngati achokera kumaliro. A Elina akuti anawapeza pafupi ndi raundabauti ali okha, akuyenda chofufuza, wakabaza atangowaphonya pang'ono. Anawagwira dzanja mpaka kudepoti. Atawafunsa kuti Triza ali kuti, anati ali pantchito. Pakamwa pa a Elina ukupadziwa, moti pofika Lamulungu nkhaniyi inali itafika kale kutchalitchi.

Munthu wosaona bwino, wosamva bwino, iwe n'kumusiya atuluke yekha m'boma muja? Ngakhale mpaka pageti pokha?

Akapanda kupita pa 12, chaka chamawa tidzakhala tikuwatsogolera ndi kuchimbudzi komwe, ndipo wowatsogolerayo ndine, osati iwe. Kalatayi ndapatsira kondakitala wa minibasi, sindingadikire Lachinayi. Undiyankhe zoona. Usandilembere zozungulira ngati mayi wako wa tebuloyo.

Ndine,
Mariya


Mangochi Boma
16 Okutobala 2024

Ababa,

Muli bwanji ndi masowo? Ine sindili bwino.

Kalata yoyamba ija ndinalemba ngati munthu wosadziwa kanthu, koma ndinkadziwa. Ndinkangofuna kuona ngati munamva. Achemwali atandiuza kuti mwakana zakuchipatala, ndazindikira kuti munamva zonse. Munthu amene anaperekera zakudya kwa azungu pahotela zaka makumi awiri sangaphonye Chingerezi chophweka chotere.

Mutakankha chitseko, nsalu yoyera imene ndimapachika kumbuyo kwanga inasuntha, ndipo nkhope yanu ndi mtolo wa nsomba zinaonekera pagalasi. Mayi Kurata anafunsa kuti ameneyo ndani. Mpata wonena zoona unalipo. Ine ndinati ndi bambo wina wogulitsa nsomba, amayenda khomo ndi khomo. Ndinasekanso pang'ono, ababa, kuti nkhaniyo ipepuke.

Ndikhoza kunamizira lamulo la kampani. Lamulolo lilipodi, koma silinena kuti ukane bambo ako. Ndinachita manyazi ndi kolala yothothoka ya malaya anu, ndi thukuta, ndi nsomba zokulunga m'pepala la simenti. Ndinafuna kuti mayi uja azindiona ngati munthu wochokera penapake pabwino.

Pali chinanso chimene chikundidya. Funso la tsikulo linali lakuti, kodi kwanu anthu amayenda limodzi pa nthawi ziti? Ine ndinali ndikuwafotokozera za kuperekeza alendo. Ndinkanyadira, kunena kuti kwathu mlendo satuluka yekha, timamunyamulira katundu mpaka kumsewu, ndipo nkhani zikuluzikulu zimakambidwa m'njira momwemo. Iwo anakondwa, nati kwawonso mwini nyumba amaima panja akuwerama mpaka mlendo atakhota. Ndinawaombera m'manja chifukwa anapanga chiganizo chachitali osapunthwa. Nthawi imeneyo n'kuti inu mukufufuza geti ndi manja.

Ndilibe chodzitetezera. Ndikhululukireni. Ngati simukufuna kundiona, ndikagona kwa anzanga ku Mpondasi, inu mudzagone m'nyumba muno ndi achemwali. Koma maso anu asalipire tchimo langa.

Mwana wanu wopusa,
Triza


Nkope
16 Okutobala 2024

Mwana wanga Triza,

Dzanja ndi la Mariya, mawu ndi anga. Tili bwino mwa chisomo cha Ambuye. Kaya iwe kumeneko.

Ndakhala chete masabata awiri, tsopano mtima watsika, ndiye ndinene. Ndinakhala pakhonde pako maola awiri. Nditakankha chitseko kuti nditsanzike, unandikupiza ndi dzanja ngati ukuingitsa nkhuku. Ndinaona pakamwa pako pakuyenda, ukuyankhula ndi makina akowo, koma makutu angawa ukuwadziwa, sindinatolepo kanthu. Ndinatuluka. Pageti ndinaima nthawi ndithu, ndikuti mwana abwera.

Pakhomo pathu pano ngakhale wodzapala moto timamufikitsa kumapeto kwa mpanda. Malemu mayi ako ankaperekeza munthu mpaka mlendoyo ankayamba kuwaperekezanso iwo pobwerera. Wotuluka yekha pakhomo pa munthu ndi wakuba, kapena wothamangitsidwa. Mayi wina woyandikana nawe ankasesa panja, anandiyang'ana, ndipo ndinadziwa kuti akudzifunsa kuti mwa awiriwo ine ndine uti. Chimene chinandiwawa ndi chimenecho, palibenso china.

Koma ndaganiza. Inenso ndinagwirapo ntchito ya anthu. Ukanyamula thireyi ya supu suiika pansi kuti upatse moni bambo ako. Ndinalakwanso ine kubwera osatumiza mawu. Za mayi wozungulira tebulo ndaseka dzulo ndili ndekha kunyanja. Umuuze abwere kuno adzatithandize kukoka khoka, mapazi ake adzakwana dzuwa lisanakwere.

Nkhani yatha. Ndibwera pa 11. Usavutike ndi nkhuku, ndidzatenga ndiwo.

Bambo ako,
Stefano


Nkope
20 Okutobala 2024

Triza,

Moni sindikupatsa wambiri. Tadzuka.

Unalephera chiyani kutsegula kalata ya ababa usanapereke yakoyo? A Elina akuti anakupatsa ndi dzanja ili, iwe n'kuwapatsa yako m'dzanja linalo, yomata kale, n'kuthamangira ku makina ako. Mphindi ziwiri zokha ukanawerenga, bwenzi pano tikukamba zina.

Sanamve, Triza. Sanamve kanthu tsiku lija. Wawauza wekha.

Ndipo sanamve okha. Tinali pakhonde, iwo ali osangalala kuti mwana wayankha msanga. Pa mathandala apafupi aja panali amayi asanu akutembenuza usipa, pamodzi ndi akazi a Swadick oyandikana nafe aja. Ine ndinayamba kuwerenga mokuwa monga mwa masiku onse. Ukamakuwa sumaona kutsogolo, pakamwa pamathamanga kusiya mutu m'mbuyo. Ndinazindikira nditanena kale kuti "bambo wina wogulitsa nsomba, amayenda khomo ndi khomo." Ndinaima. Iwo anati, "Bwereza, sindinamve bwino." Ndikanatani? Ndinabwereza. Pa mathandala paja manja onse anali ataima.

Anandiuza kuti ndimalize, ndinamaliza mpaka pa dzina lako. Kenako analowa m'nyumba. Nditawatsatira ndinawapeza atatulutsa malaya oyera aja m'sutikesi, akuwanunkhiza. Anandifunsa kuti, "Mariya, undiuze zoona, kodi ndimanunkha?" Ine ndili ndi ana anayi, ndaika mayi athu m'manda, koma funso limeneli linandigwetsa pansi.

Lero kutchalitchi sanapite, koyamba chimwalirire amayi. Akuti anthu aziwayang'ana. Manyazi ako awasenza ndi iwo, ngati kuti olakwa ndi iwowo. Inenso ndikuyenda chozolika, chifukwa pakamwa pamene panalengeza ndi panga.

Za pa 12 akuti tisazitchulenso. Madzi akatayika saoleka, koma iwe uyese kuwaola, chifukwa ine nzeru zandithera.

Mariya


Mangochi Boma
23 Okutobala 2024

Ababa,

Ndikupereka moni, ngati mungaulandire. Achemwali, iyi muwerengere m'nyumba, chitseko chotseka.

Dzulo ndawauza mayi Kurata. Phunziro linali loti afotokoze ulendo wapansi umene sadzauiwala, koma ndinawapempha kuti ndiyambe ndine. Ndinati bambo munawaona aja ndi bambo anga ondibala, dzina lawo ndi a Stefano, ndipo sukulu imene ndikudyera leroyi inachokera m'nsomba zomwezo. Ndinati tsiku limene ndinkakuphunzitsani za kuperekeza, iwo anatuluka okha, osaona bwino.

Iwo anayankhula pang'onopang'ono, akusankha mawu amodziamodzi. Anati anadziwa tsiku lomwelo, chifukwa chipumi chathu ndi chimodzi. Anati anandichitira manyazi, ndiye anangoyang'ana m'buku kuti ndisadziwe kuti adziwa. Masabata atatu onsewa ndakhala ndikuwakonza zolakwa zawo, iwo akundisungira changa.

Sindikunena izi kuti mundiyamikire. Ndikungofuna mudziwe kuti bodza lija silinagwire ntchito ndi kumene ndinalinenera komwe.

Kwatsala masiku makumi awiri. Dzina lanu lili pa mndandanda wa kuchipatala, sindinalifufutitse.

Triza


Nkope
27 Okutobala 2024

Kwa aphunzitsi,

Tili bwino. Kalata yanu yamveka.

Mayi wanuyo mumuuze kuti simunaname kwenikweni. Nsomba ndimagulitsadi, ndipo khomo ndi khomo ndayendapo. Kungoti za tsiku lija sizinali zamalonda.

Za maso musavutike nazo. Njira ya kunyanja ndimaidziwa ndi mapazi.

S. Mpalila


Mangochi Boma
4 Novembala 2024

Achemwali,

Mwayenda bwanji ku Chiponde? Pepani ndi maliro a apongozi anu. Kalatayi ikudikirani kwa a Elina, chifukwa ndikudziwa kuti ababa sakuuzani zonse.

Ndinapita Loweruka. Maphunziro onse a tsikulo ndinawaimitsa, kampani yandilembera chenjezo, zilibe kanthu. Nditatsika pamsewu ndinaganiza zodzera kuseri kwa sukulu kuti ndipewe mathandala, koma ndinati ayi, ndidutse pomwepo. Akazi a Swadick anandilonjera bwinobwino, kenako anafunsa kuti, "Mwabwera kudzagula nsomba?" Ena onse anayang'ana pansi. Ndinayankha kuti ndabwera kwa ababa anga, koma mawu anatuluka ang'onoang'ono ngati a mwana wa sitandade wani.

Ndinkayembekeza kukalipiridwa, ndipo bwenzi zili bwino. Anandilandira ngati mlendo wa boma. Ananditulutsira mpando wa khushoni uja timasungira abusa. "Khalani apa, aphunzitsi. Mwayenda bwanji, aphunzitsi?" Nditati ndikatunge madzi anakana. Nditati ndilowe kukhitchini anatseka njira ndi ndodo. Tiyi anapanga okha, mofufuza, n'kubwera naye pathireyi, kansalu kali pamkono ngati kuhotela. Anathira ataima kudzanja langa lamanja, wina n'kutayikira m'sosala chifukwa kapu sankaiona bwino. Achemwali, tiyi ameneyo ndinamwa ngati mankhwala.

Ndinatsika pampando n'kugwada. Anati, "Dzukani, mudetsa diresi." Sindinadzuke. Ndinakhala pansi pomwepo, pafupi ndi mapazi awo, ndikunena zonse zimene ndinalemba kale, mokuwa, poti mwakachetechete sakanamva. Kaya pa mathandala anamva, kaya. Iwo ankangoyang'ana kunyanja.

Itakwana 3 koloko anati, "Mlendo ndi mame. Tiyeni ndikutayeni, mungasowe galimoto." Anatenga ndodo, nandilanda chikwama. Ndinakana koma anachikoka. Tinadutsa pakati pa mudzi, iwo patsogolo ndi chikwama changa chachikazi paphewa, ine pambuyo. Aliyense wotipatsa moni ankamuyankha kuti, "Ndikuperekeza alendo." Mtunda umene uja sindinadziwe kuti ndi wautali chotero.

Titapitirira pachigayo anapunthwa pa muzu, ndodo n'kugwa. Ndinawagwira pachigongono. Ndinadikira kuti andikutumule, koma sanatero. Tinayenda choncho mpaka pa tala.

Minibasi yoyamba itaima anaibweza ndi dzanja, akuti yadzaza. Munali anthu anayi okha. Yachiwiri anati ikuthamanga udyo, woyendetsayo ndi mwana. Tinaima pamenepo dzuwa likutiwotcha, chikwama changa chili chikhalire paphewa pawo. Kenako anayankhula, osandiyang'ana.

"Iwe Triza."

Ndinayankha kuti, "Ababa."

"Ndibwera pa 11 ndi galimoto ya m'mawa. Usanditumizire wakabaza. Ubwere wekha kudepoti. Maenje a m'boma muja sindiwaona, ndiye udzandigwira dzanja kuchokera pamenepo, kudutsa mumsika, mpaka kunyumba kwako, masana anthu akuona. Akandimanga diso udzateronso pobwerera. Ukaona kuti udzachita manyazi unene pompano, ndisaononge sopo wa Mariya."

Ndinangogwira mkono wawo ndi manja awiri, misozi ikugwera pa malaya awo, iwo akuyang'anabe kumsewu ngati palibe chikuchitika.

Minibasi yachitatu inaima yokha, kondakitala n'kutsegula chitseko. Imeneyo ndinaibweza ndine.

Mng'ono wanu,
Triza